Njovu zinafika, nanga phindu lili kuti? Yankho kwa aphunzitsi a kwa Chulu

Ndalandira imelo kuchokera kwa aphunzitsi ena a m'dera la Mfumu Chulu kuno ku Kasungu. Akufunsa kuti: boma limakamba kawirikawiri zokopa alendo m'njira yosawononga chilengedwe ndi yopindulira aliyense, nanga bwanji anthu oyandikana ndi paki sakuonapo kanthu? Chikutchinga n'chiyani?

Aphunzitsi, zikomo pondilembera. Ndondomeko zolembedwa zilipo ndithu. Masomphenya a Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa mu 2021, amadalira zokopa alendo, ndipo mu February 2024 boma linachotsa viza kwa nzika za mayiko 79. Ine ndimaona kuti vuto lalikulu lagona apa: amene amasenza mavuto a nyama ndi ena, amene amapanga ziganizo ndi kulandira ndalama ndi enanso.

Mu 2022 njovu 263 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kudzatulidwa mu paki yathu ya Kasungu, ntchito imene nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire inagwira pamodzi ndi mabungwe oteteza nyama a African Parks ndi IFAW. Chifukwa chake chinali chomveka. M'zaka za m'ma 1970 muno munali njovu zoposa 1,000, koma pofika 2015 zinatsala pafupifupi 50 chifukwa cha opha nyama mozembera lamulo. Ndinakondwa kumva kuti zabwerera, ndipo mpaka lero ndimafuna zikhalemo. Koma zinafika mpanda wamagetsi usanatseke malire onse. Zalowa m'minda, zagwetsa nkhokwe, ndipo anthu ataya miyoyo, kuno kwathu ndi kutsidya ku Zambia komwe.

Inu mukudziwa bwino kuposa ine momwe zimakhalira. Bambo amagona kumunda, kusonkha moto ndi kuimba zitini usiku wonse, m'mawa mwana wake n'kumasinza m'kalasi mwanu. Munda ukadyedwa, banja limangoyamba ganyu, popanda chipepeso choti lingachidalire. Pomwe lamulo la nyama zakutchire, momwe analikonzera mu 2017, limalola kuti wopha nyama yotetezedwa kwambiri akakhale kundende mpaka zaka 30. Chilangocho sindikuchitsutsa. Chimene chimandiwawa n'chakuti moyo wa njovu uli ndi mtengo wolembedwa, koma chimanga cha mayi wamasiye chilibe. Munthu woteroyo mungamuuze bwanji kuti njovu ndi chuma chake?

Ena adzati midzi imalandira gawo la ndalama zimene paki imatolera. N'zoona, dongosolo limenelo lilipo. Koma walira mvula walira matope: tinalandira nyama, ndipo alendo oti azilipira pageti ndi ochepa. Gawo la ndalama zochepa likagawidwa kwa mafumu onse ozungulira paki, chofika pamudzi sichioneka n'komwe. Alendo ambiri akunja amalunjika kunyanja, ku Liwonde kapena ku Majete, ena amangodutsa pachipata cha Mchinji kupita ku South Luangwa. Kuti munthu akafike ku Lifupa, kumalo ofikira alendo m'kati mwa paki yathu, amafunika galimoto yakeyake, mafuta okwanira kupita ndi kubwera, pamene mafutawo amasowasowa, ndipo mitengo inakwera kwambiri Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023.

Apa mpamene pali nkhani ina imene siikambidwa mokwanira. Tikati "mlendo", m'mutu mwa okonza ndondomeko mumabwera munthu wotsika ndege ku Lilongwe. Mwana wa ku Kasungu amene amawerenga za njovu m'buku, mayi wogulitsa tomato pa Chinkhoma, munthu woyendera njinga ya olumala, onsewa sawerengedwa. Minibasi ndi kabaza sizingakulowetseni m'paki. Basi imodzi yonyamula ana asukulu ndi anthu wamba pamtengo wotsika, ngakhale Loweruka lokha, ikanasintha zambiri. Amene anaionapo njovu ikumwa madzi padamu la Lifupa saiganizira mofanana ndi amene amangoiona m'munda mwake usiku.

Za mitengo ya m'tchire ndingonena mwachidule: malinga ngati fodya akufuna nkhuni ndi milimo ya zigafa, ndipo m'tauni akuphikira makala, woona zokopa alendo payekha sangaliteteze tchire.

Chilipo chimene chinaonetsa kale kuti chimatheka. Anthu ataloledwa kupachika ming'oma ya njuchi ndi kutola matondo m'paki ndi chilolezo, anali ndi chifukwa chenicheni cholondera moto wolusa. Njira imeneyi ikuyenera kukula.

Inu aphunzitsi muli ndi mawu pamudzi. Pamsonkhano wa komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC) kapena ya m'dera (ADC) funsani kuti chaka chatha paki inapereka ndalama zingati, zinagwira ntchito yanji, ndipo anasankha ntchitoyo ndani. Pemphani kuti ziwerengerozo zimatidwe pasukulu ndi pabwalo la amfumu, m'Chichewa. Funsaninso kuti mpanda ukaduka akonze ndani, m'masiku angati, ndipo achinyamata a m'mudzimo angalembedwe bwanji ntchito youlondera. Mayankho amene angakupatseni munditumizire.