Funsani Amakaniko: Timiyala tandigomolera penti pa boneti

Amakaniko moni. Ine ndili ndi ka Sienta koyera, ndimayenda nako kwambiri msewu wa Kasungu kudzera pa Santhe mpaka pa Kamwendo kokagula soya ndi mtedza. Tsiku lina ndikutsuka ndangoona boneti kutsogoloku yadzadza timadontho ngati nthomba, tina totuwa, tiwiri tayamba kufiira. Panelobita wina akuti apope boneti yonse, mtengo omwe ananditchulira ndinangoseka nkuchokapo. Alamu anga akuti ndingopaka kyutekisi basi. Nde ndimvere ndani?
Wodandaula, Kasungu boma

Achimwene, musanamvere aliyense tsukani kaye galimotoyo iume, kenako muyatse tochi ya foni muyang'anitsitse kadontho kalikonse, chifukwa sionse ali ofanana ayi. Penti ya galimoto imakhala yosanjikizana, pa chitsulo pamakhala pulaima yotuwa ija, pamwamba pake mtundu weniweni, pomaliza kiliya imene imanyezimira. Zonsezi kuphatikiza kukhuthala kwake kumangofanana ndi pepala limodzi la m'kope, nde kamwala ka kwale kothothoka ku tayala la thiraki ya fodya yopita ku Chinkhoma inu mukuthamanga 100 kumbuyo kwake, mukuganiza kangalephere kuboola?

Timadontho totuwato ndiye kuti pulaima ikadalipo, sitikuopsa lero. Ta pa bampa musatayenso nato tulo, bampa ndi pulasitiki sichita dzimbiri. Koma tiwiri tofiirato ndi tomwe ndikufuna muthane nato mvula ya Novembala isanagwe, chifukwa dzimbiri silikhala pamalo amodzi, limakwawa kunsi kwa penti mwakachetechete mpaka mudzangoona penti yatukuka ngati thuza, mukadina ndi chala nkusweka. Pamenepo nde panelobita uja adzakhala kuti amanena zoona.

Choyamba pezani nambala ya mtundu. Magalimoto ochokera ku Japan amakhala ndi kachitsulo kapena sitika pa chipilala cha chitseko kapena mkati mwa boneti, pamalembedwa COLOR kapena C/TR. Ma Toyota oyera ambiri ndi 040 kapena 070, asiliva ambiri ndi 1F7, akuda bii ndi 202. Osangopita kukanena kuti ndikufuna yoyera, zoyera zilipo zambirimbiri aise. Ikakhala 040 mwaphweka, ndi yoyera wamba. Ikakhala 070 ndi ya pelo ija yothwanima padzuwa, imapakidwa kawiri, yoyera pansi pelo pamwamba, nde ndikuuzirenitu kuti kadonthoko sikadzasoweratu ngakhale mutachita bwanji, kazidzaonekabe pang'ono mukayandikira. Pitani ndi nambalayo kwa osakaniza penti ya galimoto, mukasowa pa boma mutume munthu wopita ku Lilongwe, akuthirireni pang'ono chabe mu kabotolo, komanso pulaima ndi kiliya pang'ono.

Ntchito yake ndi ya munthu wofatsa. Imikani galimoto pamthunzi, mmawa mphepo isanayambe kuulutsa fumbi, osati masana boneti itatentha ngati chiwaya cha tchipisi chifukwa penti imauma isanakhazikike. Pofiirapo dulani kachidutswa ka sandipepa kakang'onong'ono, mumate ndi guluu kumbuyo kwa pensulo, muzipotokola mkati mwa kadonthoko mpaka chitsulo chiwale, osakhula mbali mwake muli penti yabwino. Pukutani ndi sipiliti kuti polishi ndi mafuta zichoke. Kenako tengani chotokosera mmano kapena kamtengo ka machesi kosongola, muviike nsonga yokha mu pulaima nkungokhudzitsa pakati, idzayenderera yokha kudzadza kadzenjeko. Kabulashi kaja kamabwera ndi mabotolo ena ine sindikafuna, kamasiya chiphala ngati mwana wagwetsera phala pa malaya. Pulaima ikauma ikani mtundu, kadontho kamodzi, dikirani mphindi 20 kapena 30, kenanso, mpaka kutsala pang'ono kufanana ndi penti inayo, nde mumalize ndi kiliya. Anthu ambiri amalakwa pomwepa, amafuna kudzadza kamodzinkamodzi, pamwamba nkuuma mkati muli phalaphala.

Musiye masiku angapo, sabata ndi bwinonso, osatsuka ndi mpope wamphamvu wa pa kawoshi. Ngati patukuka mutha kusalaza ndi sandipepa yosalala kwambiri ya nambala 2000 yonyowetsa, mopepuka kwambiri, nkupukuta ndi kompaundi, mankhwala aja owalitsira penti. Koma ngati dzanja lanu ndi lolemera lekani, ine ndinaboolapo kiliya ya galimoto yanga yomwe chifukwa chofuna kukongoletsa, kadontho konga njere ya mapira kanasanduka chigamba chonga ndalama yachitsulo, mayi akunyumba amandiseka nacho mpaka pano.

Za kyutekisi alamu anuwo sanalakwitse kwenikweni. Yopanda mtundu ija imatchinga madzi kwa kanthawi pamene mukudikira penti, bola pakhale pouma komanso popanda dzimbiri. Kupaka pamwamba pa dzimbiri nkungolifunditsa bulangete basi. Kupopa boneti yonse kudikire pomwe timadontho tachuluka moti simungatiwerenge kapena kiliya yayamba kusendeka ndi dzuwa, komanso kumbukirani kuti mukapopa lero mawa mubwereranso msewu omwewo. Thiraki muziisiyira mtunda, ndipo pomwe angothira kumene kwale pa phula kapena pa dayivesheni tsitsani liwiro makamaka mukamadutsana ndi galimoto ina.

Amakaniko, ine kamwala kanagunda galasi lakutsogolo pa msewu wa Lilongwe–Mchinji, pali kanyenyezi kakang'ono. Nako ndipake kyutekisi?
Mayi a ku Mkanda

Ayi mayi, apo kyutekisi alibe ntchito. Matanipo selotepi yoonekera lero lomwe kuti fumbi ndi madzi zisalowe, kenako mukapeze okonza magalasi athiremo rezini, guluu woonekera womatira galasi, kakakhala kochepa kamatheka osasintha galasi lonse. Pakadali pano osathira madzi ozizira pa galasi lotentha ndi dzuwa, ndipo mmabampu muziyenda pang'onopang'ono, chifukwa kakangoyamba kutulutsa mzere kamathamanga mpaka kumapeto, apo nde nkugula lina.