Kodi surface drive imapirira mphamvu yochuluka bwanji isanathyoke?

Owerenga ena anditumizira imelo. Ali ndi boti laliwiro la injini ziwiri za petulo, iliyonse ya mahosipawa 600, ndipo atopa ndi kugula magiya a sterndrive, chipangizo cholendewera kumbuyo kwa boti chimene chimafikitsa mphamvu ya injini ku propela. Tsopano akufuna kukweza injinizo kuti zifike 900, ndipo akuganiza zoika surface drive, chipangizo chozunguza propela theka lake lokha lili m'madzi. Funso lawo ndi ili: "Ndikaika surface drive, kodi kuthyokathyokaku kutha? Nanga malire ake ndi mahosipawa angati?"

Achimwene, za magiya zija mudzapumula ndithu. Mu sterndrive mphamvu ya injini imakhota kawiri isanafike ku propela, pamwamba ndi pansi, ndipo magiya apansiwo sangakule chifukwa chigoba chawo chiyenera kukhala chowonda kuti chisamakokane ndi madzi. Surface drive ya mtundu wa Arneson ilibe ngodya zimenezo. Shafti imatuluka pakhoma lakumbuyo kwa boti n'kupita chowongoka mpaka ku propela, ndipo giyabokosi imakhala m'kati mwa boti momwe muli malo oti ikule mmene ikufunira. Howard Arneson wa ku California ndiye anatchukitsa kapangidweka cha m'ma 1980, ndipo lero amazipanga ndi a kampani ya Twin Disc. Nzeru yoti theka lokha la propela lizikhala m'madzi ndi yakale kuposa pamenepo: Albert Hickman ankaigwiritsa kale ntchito pa maboti ake a Sea Sled cha m'ma 1910.

Funso lanu lachiwirilo ndiye lili ndi vuto. Chitsulo sichimva mahosipawa. Chimamva torque, mphamvu yopotokola ija, ndipo n'chifukwa chake opanga ma drive amenewa amalemba malire awo potengera torque yolowa mu drive. Tiwerengere limodzi. Injini ya petulo yotulutsa mahosipawa 1,000 pa 6,000 rpm (kuzungulira ka 6,000 pa mphindi) imapotokola shafti ndi pafupifupi 1,190 Nm (muyeso wa torque). Injini ya dizilo ya mahosipawa omwewo, koma pa 2,300 rpm, imapotokola ndi pafupifupi 3,100 Nm. Mukaika giyabokosi yochepetsa liwiro ya 1.5:1 pakati, dizilo ija ikufikitsa 4,600 Nm ku drive. Papepala injini ziwirizi n'zofanana, koma drive yomwe ingakhale zaka pa yoyambayo ikhoza kupotokoka msanga pa yachiwiriyo. Inunso kumbukirani kuti mukaika supercharger, chipangizo chokankhira mpweya wambiri mu injini, kuti mufike 900, torque yaikulu imabwera injini isanafike pachimake pa liwiro lake, ndipo nambala imeneyo ndi imene muyenera kuidziwa.

Kulemera kwa boti kumalowanso m'nkhaniyi. Boti likaima, propela yonse imakhala yomira, chonsecho inapangidwa kuti izigwira ndi theka lokha. Ponyamuka ndiye kuti yagwira madzi ochuluka kuposa amene inayesedwera, ndipo boti likakhala lolemera, lodzaza mafuta ndi anthu, limachedwa kukwera pamwamba pa madzi. Nthawi yonseyo shafti ili pa mpanipani. Oyendetsa odziwa amakweza drive pang'ono ponyamuka kuti propela ikoke mpweya, injini ipeze liwiro, kenako n'kuitsitsa.

Chimene chimapha zida zimenezi kawirikawiri si mphamvu ya tsiku limodzi ayi, koma kutopa kwa chitsulo. Tsamba lililonse la propela limalowa m'madzi n'kutulukanso pa kuzungulira kulikonse. Shafti ikamazungulira pa 3,600 rpm, tsamba limodzi likumenya madzi ka 60 pa sekondi. Komanso popeza theka lapansi lokha ndi limene likukankha, shafti imapindidwira mbali imodzi uku ikuzungulira, ndipo mphamvu ina imakankhira drive cham'mbali, kumene imakathera pa masilinda a chiwongolero. Zili ngati waya amene mukumupinda uku ndi uku: sathyoka koyamba, koma tsiku lake limakwana. Mng'alu umakonda kuyambira patsinde pa tsamba, makamaka pa mapropela amene anapalidwa kuti akhale opyapyala pofuna liwiro. Ine kupala kumeneku sindikukonda pa boti loyendera masiku onse. Liwiro lowonjezerekalo ndi lochepa, ndipo tsamba likaduka muli pa liwiro, kunjenjemera kwake kumawononga mabering'i ndi shafti nthawi yomweyo. Mapropela a masamba 5 kapena 6 amathandiza chifukwa katunduyo amagawana, ndipo kugunda kumachepa.

Ndiye pali dzanja la woyendetsa. Boti likadumpha funde, propela imazungulira m'malere, injini n'kuthamanga mopanda choigwira. Likatera moto uli wonse, propela imagwira madzi mwadzidzidzi ndipo kugunda kumeneko kumaposa kutali torque yolembedwa m'buku la injini. M'mipikisano ya panyanja yaikulu mumakhala munthu amene ntchito yake ndi moto basi, kuuchepetsa boti likanyamuka ndi kuubweza likatera. Ngati magiya anu akhala akuthyoka pa mafunde, mwina vuto lina lili pamenepa, ndipo surface drive sidzalichotsa. Idzangolisamutsira ku giyabokosi kapena ku propela.

Zosamalira si zambiri koma sizikhululuka. Pa Arneson, pamene drive imapindikira pali mpira wachitsulo wokhala m'chikho chake, m'kati mwake muli u-joint (cholumikizira cholola shafti kukhota uku ikuzungulira), ndipo kunja kwakutidwa ndi labala. Labalayo akang'ambika ndipo maseal otsekera oilo akatha, madzi amalowa mu oilo. Oilo akaoneka ngati wasanduka woyererako, musanyamuke. Yang'ananinso mapaipi ndi masilinda a haidiroliki, ndipo ngati boti limagona m'madzi amchere, musachedwe kusintha zitsulo za zinki zoteteza ku dzimbiri.

Palinso njira ina. Ma drive a Mercury Racing monga Number Six ndi M8 amayendetsanso propela pamwamba pa madzi, koma ali ndi magiya okhota, akuluakulu ndithu kuposa a sterndrive wamba. M8 inabwera ndi injini ya mahosipawa 1,350 mu 2010, choncho 900 si nkhani kwa iyo. Kusiyana kwake n'kwakuti zidutswa zoti zithe n'zambiri ndipo imafuna kutsegulidwa pafupipafupi.

Mukandifunsa ine, pa injini zanu surface drive ya shafti yowongoka ndi yabwino, bola musasankhe saizi yongokwanira ndendende. Tengani yotsatira pamwamba pake. Popita kwa ogulitsa, nyamulani torque yaikulu ya injini ikakwezedwa, reshiyo ya giyabokosi (nambala yonga 1.5:1 ija), ndi kulemera kwa boti litadzaza. Muonetsenso khoma lakumbuyo kwa mmisiri wodziwa faibala, chifukwa kukankha konse kwa propela kumathera pamenepo, ndipo nthawi zambiri pamafunika kutseka bowo lakale la sterndrive, kulimbitsa khomalo ndi kusuntha injini kuti giyabokosi ipeze malo.