Mankhwala ochotsera penti "a akatswiri okha": ndigule kapena ayi?

Mayi wina wakwathu amene amakhala ku Leeds, mzinda wa ku Britain, wandilembera imelo. Agula nyumba yakale, zitseko ndi masitepe ake zinapakidwa penti kambirimbiri, ndipo mankhwala ochotsera penti a m'sitolo akuwachedwetsa. Pa intaneti apeza ena amphamvu olembedwa kuti ndi a akatswiri okha, koma wogulitsayo sakufunsa chilichonse. Akuti, kodi ndigule?

Mayi, chonde musagule. Werengani pachitinipo. Mukaona mawu akuti dichloromethane kapena methylene chloride, dziwani kuti mankhwala amenewo mayiko a EU analetsa kuwagulitsa kwa anthu wamba kuyambira Disembala 2011, ndipo Britain itatulukamo lamuloli silinachoke. Ngakhale mmisiri wa penti saloledwa kuwagwiritsa ntchito m'nyumba za anthu asanaphunzire n'kukhoza mayeso a bungwe la boma la Britain loona za chitetezo pantchito la HSE. Ku America nakonso analetsa kuwagulitsa kwa anthu wamba mu 2019. Wogulitsa amene sakufunsani satifiketi akungofuna ndalama zanu, za moyo wanu alibe nazo ntchito.

Choopsa chili pompuma. Mankhwalawa amawira pa madigiri 40 okha, choncho mukangotsegula chitini nthunzi yake yayamba kale kutuluka. Ndi yolemera kuposa mpweya, imatsikira pansi, pomwepo pamene inu mwagwada mukupala sitepe. Mumayamba chizungulire ngati mwaledzera, kenako kukomoka, n'kugwera momwe nthunziyo yadzadza. Ikalowa m'thupi, chiwindi chimaisandutsa carbon monoxide, poizoni yemwe uja amapha anthu ogona ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka mwezi wa Juni. Bungwe la boma loona za matenda la CDC ku America linapeza kuti amisiri 13 anafa pakati pa 2000 ndi 2011 akuchotsa penti m'mabafa osambiramo. Amenewotu anali anthu odziwa ntchito yawo. Nanga inu, m'nyengo yozizira ya ku Leeds, mawindo onse ali chitsekere, ana ali m'chipinda chinacho?

Musadalirenso masiki otchinga fumbi kapena magolovesi opyapyala aja. Mankhwalawa amadutsa ngati palibe kanthu.

Ochedwa ajawo amagwira ndithu, bola kuwapatsa nthawi. Ambiri mwa iwo amakhala ndi benzyl alcohol. Pakani mochindikala, phimbani ndi pepala la pulasitiki kuti asaume, muwasiye usiku wonse, m'mawa mupale zenera lili lotsegula. Zitseko mutha kuzizula n'kupita nazo kwa amene amazinyika m'matanki, iwo ali ndi malo ake.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi ukale wa nyumbayo. Penti wambiri wa chisanafike chaka cha 1960 anali ndi mtovu, umene umawononga ubongo wa ana. Musanakhudze sandipepa kapena chowotchera penti, gulani kachida koyezera mtovu m'sitolo ya zomangira, muyeze mpaka penti wapansi penipeni. Mukaupeza, ntchito ya masitepeyo itanirani mmisiri.