Njerwa ikumwa madzi pa kompyuta, koma pulogalamu ikungoima

Funso: Ndine wophunzira pa Mzuni, ndikufufuza za chinyezi chimene chimakwera m'makoma a njerwa zootcha, monga timaonera m'nyumba zina ku Chibavi dzinja likafika. Ndaika pa laputopu HYDRUS-1D, pulogalamu yowerengera mmene madzi amayendera m'dothi. Ndikaiyambitsa imaima isanapite patali, n'kunena kuti sinapeze yankho. Ikati yayenda, madzi amakwera mpaka pafupi ndi denga. Vuto ndi laputopu yanga, kapena ndisake pulogalamu ina yotchedwa COMSOL?

Yankho: Achimwene, laputopuyo musaiimbe mlandu, ndipo za COMSOL ziiwaleni kaye. Ndi yodula, chonsecho pa nkhani iyi imawerengera masamu omwewo a mu HYDRUS, equation ya Richards ya mu 1931, yofotokoza mmene madzi amayendera m'chinthu chosakhuta madzi. Masamuwa anachokera ku lamulo la Darcy la mu 1856, kungoti Darcy ankayesa mchenga wokhuta kale madzi. Njerwa ya pakhoma sikhala choncho. Timibowo tina muli madzi, tina muli mpweya. Pamene pali pouma njerwa imakoka madzi mwamphamvu koma madziwo amadutsa movutikira. Pamene panyowa amadutsa mosavuta koma kukoka kuja kwachepa. Pakati pa mbali ziwirizi pamakhala malire akuthwa kwambiri, ndipo pulogalamu yanu ikupunthwa pamenepo.

Yambani mwaona chimene mwalemba pa initial condition, kutanthauza mmene njerwa ilili poyambira. Ambiri amafuna njerwa youma gwa, ndiye amalemba pressure head (nambala yosonyeza mphamvu imene njerwa ikukokera madzi) yotsika mopitirira, monga -1,000,000 cm, pomwe pansi pa njerwayo, pokhudza madzi, pali 0. Kudumpha kotere pulogalamu siingakukwanitse. Komanso njerwa ya ku Mzuzu kuno, ndi nkhungu yathuyi, nthawi zambiri simauma choncho. Yesani -1,000 cm muone ngati iyende, kenako muzitsitsa pang'onopang'ono. Mesh, kutanthauza timagawo timene pulogalamu imagawira njerwayo, ikhale yothinana pafupi ndi madzi, milimita imodzi kapena kuchepera apo, ndipo time step (kanthawi kamene pulogalamu imadumpha powerengera) yoyamba ikhale yochepa kuposa sekondi. Onaninso miyezo. Mukasakaniza masentimita ndi mamita, alpha (imodzi mwa nambala zofotokoza mmene dothi limagwirira madzi) wa 0.036 pa sentimita, yemwe ndi 3.6 pa mita, akusokeretsani popanda chenjezo lililonse.

Koma chimene chikundidetsa nkhawa ine ndi china. Manambala a van Genuchten a mu 1980, monga alpha uja ndi n, ofotokoza mmene dothi limagwirira madzi, mwawatenga kuti? Ndikukayikira kuti mwangosankha loam kapena clay pa mndandanda umene umabwera ndi pulogalamuyo. Amenewo ndi a dothi la m'munda. Dothi likapsa mu uvuni timibowo take timasintha, moti njerwa ziwiri za uvuni umodzi, ina ya pafupi ndi moto ina ya m'mphepete, sizimwa madzi mofanana. Ndipo clay uja, n wake ndi 1.09, nambala imene imadziwika kuti imaimitsa pulogalamu madzi akayandikira kudzaza.

Ndiye tsekani laputopu, mukapeze njerwa, beseni lophwatalala ndi sikelo ya kukhitchini yowerenga magalamu. Njerwayo muiumitse mpaka kulemera kwake kusiye kutsika. M'mbali mwake pakani phula la kandulo kuti madzi azilowera pansi pokha. Ikhazikeni m'beseni muja pa timiyala tiwiri, madzi angoikhudza mamilimita atatu kapena asanu, ndipo muziwonjezera akamachepa. Pa mphindi 1, 4, 9, 16 ndi 25 itulutseni, ipukuteni msanga ndi kansalu konyowa, muyese kulemera n'kuibwezera. Manambalawa ndawasankha dala, chifukwa square root yawo ndi 1, 2, 3, 4, 5. Kumayambiriro madzi olowa amatsata square root ya nthawi: njerwa ikamwa magalamu 20 pa mphindi 4, pa mphindi 16 iyenera kukhala pafupi ndi 40. Mukajambula, madontho anu agone pa mzere woongoka, ndipo kupendekeka kwa mzerewo, mutagawa ndi kukula kwa nkhope yonyowayo, ndiye sorptivity, muyeso wa mmene njerwa imamwera madzi. Mudzaonanso ndi maso kamzere kakuda ka chinyezi kakukwera. Ngati mwasiya kampata kopanda phula, kalembeni ndi pensulo. Pomaliza imizeni yonse kuti mudziwe madzi amene imasunga ikakhuta. Zonsezi muziike mu gawo la HYDRUS lotchedwa Inverse Solution, pulogalamuyo ikusakireni alpha, n ndi Ks (muyeso wa mmene madzi amadutsira njerwa ikakhuta) zogwirizana ndi njerwa yanuyo. Yesani njerwa zingapo, osati imodzi.

Za madzi okwera mpaka kudenga, chifukwa chake n'chakuti khoma lanu la pa kompyuta silikuuma. Khoma lenileni limataya madzi m'mbali zonse ziwiri, ndipo chinyezi chimaima pamene olowa pansi afanana ndi ouluka ndi mphepo. N'chifukwa chake nyengo ya chisanu, mu Juni ndi Julayi, khoma limachedwa kuuma. HYDRUS-1D imaona kukwera ndi kutsika kokha, m'mbali siionamo, ndiye pa njerwa imodzi yopakidwa phula ikukwanirani, koma pa khoma lonse, lokhala ndi matope kapena simenti pakati pa njerwa, pulasitala ndi pepala lakuda la pa maziko, mudzafunika pulogalamu ya 2D, yoonanso m'mbali. Pamenepo ndi pofunsa aphunzitsi anu ngati dipatimenti ili ndi laisensi ya COMSOL kapena WUFI, imene inapangidwira makoma a nyumba.