Musathamangire kukweza presha ya mafuta

Achimwene, mwati Probox yanu ikufooka pamtunda wa ku Thekerani ikanyamula nthochi, ndipo makanika wakuuzani kuti mukweze presha ya petulo. Ine ndikuti ayi, dikirani kaye.

Injini ya Probox ya mtundu wa 1NZ imafuna presha ya pakati pa 3.0 ndi 3.4 bar (muyeso wa presha), ndipo regulator yake, yomwe imawongolera preshayo, ili m'thanki pamodzi ndi pampu, si yoti n'kupotokola ndi sipanala. Ngakhale mutaikamo ina yosinthika, kompyuta ya galimoto imamva kudzera pa oxygen sensor, kachipangizo koyeza mpweya wa mu utsi, kuti mafuta achuluka, n'kuchepetsa nthawi imene ma injector, timipopi topopera mafuta mu injini, amatseguka. Mphamvu siionjezeka. Mukapyoza muyeso, mapulagi amada, utsi umatuluka wakuda, catalytic converter yoyeretsa utsi imapsa, petulo n'kumangothera panjira, chonsecho mtengo wake mukuudziwa.

Chimene ndikukayikira ine n'choti presha yanu ndi yotsika kale. Pezani makanika amene ali ndi geji yoyezera presha, ku Luchenza kapena ku Limbe, ayeze injini ikulira. Ikapezeka pansi pa 3, yang'anani kasefa ka pampu. Mafuta a m'zigubu aja amabwera ndi zinyalala ndi madzi, ndipo amapha pampu msanga. Presha ikakhala bwino, tsukani ma injector, musinthe mapulagi ndi air filter.