Musamulande mabuku mwanayo, mayi

Mayi wina wa ku Chamama m'boma la Kasungu wandilembera motere: "Mwana wanga wamkazi ali Fomu 3 pasukulu yoyendera, ndipo amafuna kudzakhala namwino. Koma akafika pakhomo, m'malo mogwira manotsi amangokhalira mabuku a nkhani zopeka obwereka kwa anzake, ena mwa iwo achikondi. Bambo ake alanda awiri n'kuwatsekera m'sutikesi. Fizi timaipeza movutikira, fodya sanatiyendere chaka chino. Kodi talakwa?"

Mayi, nkhawa yanu ndi yomveka. Munthu amene wakhetsa thukuta kuyambira kunazale mpaka kuchigafa kuti mwana akhale m'kalasi ali ndi ufulu wofunsa kuti nthawi ya mwanayo ikupita kuti. Komabe ndikupemphani kuti mukambirane ndi bambo a kunyumbako atsekule sutikesi ija. Makolo ambiri amene amabwera kwa ine amalira kuti mwana wawo sagwira buku ngakhale atamukalipira chotani. Inu muli ndi mwana wowerenga yekha popanda womutuma, ndipo chimenechi sachigula pamsika.

Ndiyambe ndi mayeso, poti ndi pamene pali mtima wanu. Pa MSCE, wolephera Chingerezi salandira satifiketi ngakhale atakhoza bwino maphunziro ena onse. Kuti mwana aganiziridwe malo kuyunivesite ya boma amafunika makirediti asanu ndi limodzi, Chingerezi chili momwemo, ndipo kirediti imathera pa mapointi 6. Sukulu za unamwino nazo zimayang'ana Chingerezi pamodzi ndi masayansi. Tsono Chingerezicho mwana wa ku Chamama achitenga kuti? Pakhomo simuyankhula, kumsika sachimva, m'kalasi aphunzitsi amasakaniza ndi Chichewa kuti ana amve. Malo amene angakumane nacho tsiku ndi tsiku, ziganizo zathunthu zolembedwa bwino, ndi m'mabuku omwe mwamulandawo.

Ndipo si pepala la Chingerezi lokha. Funso la Biology limabwera m'Chingerezi, la Agriculture chimodzimodzi, ngakhale masamu ena amabwera ngati kankhani. Ana ambiri amene ndawaona akugwa si kuti sanawerenge ayi. Analoweza manotsi mpaka usiku, koma funso litabwera mozungulira, mawu ake atasinthidwa pang'ono, sanazindikire kuti akufunsidwa chinthu chimene akuchidziwa. Manotsi ali ngati feteleza wobereketsa: amathandiza chimanga chimene chakula kale, koma pa chimanga chopinimbira mungathire thumba lonse osaona kanthu. Chimene chimakulitsa mwana m'chiyankhulo ndi kuwerenga nkhani yaitali kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza, kuitsatira, kukumbukira amene ananena chakuti m'mutu wachitatu, kuganizira tanthauzo la mawu achilendo poona mawu oyandikana nawo.

Simukufunika kupita kutali kuti muone chimene buku limachita. William Kamkwamba ndi mwana wa kwanu konko, wa m'mudzi wa Masitala ku Wimbe. Njala ya 2001 ndi 2002 itavuta, makolo ake analephera fizi ndipo anasiya sukulu ya sekondale ku Kachokolo. Anayamba kupita kukalaibulale kakang'ono ka pasukulu ya pulaimale ya Wimbe, komwe anapeza buku la sayansi lotchedwa Using Energy, pachikuto pake pali makina oyendera mphepo. Chingerezi chake chinali chochepa, choncho ankatsatira zithunzi, mawu omuvuta n'kumafunsa. Kuchokera pamenepo anatolera zitsulo zotayidwa, fulemu ya njinga, dainamo, mapaipi apulasitiki ndi mitengo ya bulugamu, n'kumanga makina amene anayatsa magetsi pakhomo pa makolo ake. Nkhani yake ili m'buku la The Boy Who Harnessed the Wind, limene analemba ndi Bryan Mealer ndipo linatuluka mu 2009. Ana ena amaimva molakwika nkhaniyi, ngati kuti ikunena kuti sukulu ilibe ntchito. Kamkwamba atangopeza mwayi anabwerera m'kalasi, anakaphunzira ku Johannesburg, kenako anamaliza digiri yake ku Dartmouth College ku America mu 2014. Buku linamusunga pa nthawi imene chitseko cha sukulu chinali chotseka, koma silinalowe m'malo mwa sukuluyo.

Pamene ndikugwirizana nanu ndi pa zinthu ziwiri: nthawi, ndi mtundu wa mabuku.

Za nthawi n'zosavuta. Fomu 3 ndi chaka cholemera, chifukwa zambiri za pa MSCE zimayambira pamenepa. Mugwirizane naye kuti ntchito ya kusukulu iyambe yatha, masamu ndi sayansi zipatsidwe nthawi imene mutu uli wosatopa, ndipo buku la nkhani libwere pambuyo, kaya theka la ola asanagone, kaya Loweruka masana. Mayeso a teremu akayandikira alisiye kaye. Pa holide mumusiye awerenge mmene angathere. Mukaona kuti magiredi a Biology ndi Chemistry akutsika, vuto mulifufuze m'maphunziro amenewo, mwina akusowa buku kapena womuthandiza, musathamangire kuloza chala nkhani zopeka.

Za mtundu wa mabuku ndiye ndikufuna tikhalepo pang'ono. Mabuku achikondi pa okha si oopsa. Ambiri mwa makolo amene anaphunzira m'zaka za m'ma 1980 anakulira timabuku ta Pacesetters, timene tinkayenda m'manja mpaka chikuto kuthothoka, ndipo mmodzi mwa alembi ake anali mayi wa ku Malawi konkuno, Walije Gondwe, amene analemba Love's Dilemma. Chofunika n'chakuti mudziwe chimene mwana akuwerenga. Mufunseni akufotokozereni nkhaniyo muli kusenda mbatata kapena kutongola chimanga. Ngati achita manyazi kwambiri kuifotokoza, pamenepo mpofunika kuti inu kapena azakhali ake mulione bukulo. Ndimaopa kwambiri nkhani zimene zimayenda pafoni, za pa WhatsApp ndi Facebook, kusiyana ndi buku losindikizidwa, chifukwa zambiri mwa izo palibe mkonzi amene anaziona, Chingerezi chake n'chothyoka ndipo zina n'zolaula.

Vuto lenileni ndi kudya ndiwo imodzimodzi. Mwana wofuna unamwino awerengeko mbiri za anthu enieni. Legson Kayira, mnyamata wa ku Chitipa, ananyamuka wapansi mu 1958 kulowera kumpoto kufunafuna maphunziro, mpaka anakafika ku Khartoum m'dziko la Sudan, ndipo pambuyo pake ku America. Analemba ulendowu m'buku la I Will Try la mu 1965, m'Chingerezi chosavuta chimene mwana wa Fomu 3 angachimve. Vera Chirwa, mayi woyamba wa ku Malawi kukhala loya, amene anakhala m'ndende zaka 12 mu ulamuliro wa chipani chimodzi, analemba za moyo wake mu Fearless Fighter. Mtsikana aliyense wa m'dziko muno ayenera kuliona buku limeneli. Pa mbiri ya dziko pali mabuku a D.D. Phiri, kuphatikizapo la John Chilembwe. Pa nkhani zopeka zolemerera pali Smouldering Charcoal la Tiyambe Zeleza, limene ambiri analiwerenga pokonzekera MSCE, ndi Sugarcane with Salt la James Ng'ombe.

Ndipo chonde asanyoze mabuku a Chichewa. Pali maganizo ena m'sukulu zathu akuti Chichewa ndi phunziro longodzazira mapointi, ndipo amandiwawa. Namwino wa pachipatala cha Kasungu kapena cha kumudzi amagwira ntchito yake yambiri m'Chichewa: kumva gogo akufotokoza mozungulira pamene pakupweteka, kuuza mayi wachichepere za sikelo ndi katemera, kupepesa anamfedwa. Nthondo la Samuel Josiah Nthara linatuluka mu 1933 ndipo linamasuliridwa m'Chingerezi chaka chotsatira, koma mpaka lero limaonetsa bwino mmene munthu wa m'chigawo chapakati amaganizira za banja, ufumu ndi chipembedzo. Kukula ndi Mwambo komanso Sikusinja ndi Gwenembe a John Gwengwe, Njala Bwana la Willie Zingani, Mtima Sukhuta la Jolly Max Ntaba, ndakatulo za Benedicto Wokomaatani Malunga: awa ndi mabuku amene inunso mungamve akamakuwerengerani mokweza madzulo. Muyese zimenezi tsiku lina, bambo ake ali pomwepo.

Kowapeza ndiye kovuta, sindikubisirani. Ayambe wafunsa mphunzitsi wa Chingerezi kapena wa Chichewa, chifukwa sukulu zambiri zoyendera zili ndi makatoni a mabuku amene amangokhala mu ofesi poopa kuti ana awasowetsa. Mwana wodziwika kuti amabweza amabwerekedwa. Kumipingo, kwa aphunzitsi opuma ntchito, ndi kwa ogulitsa mabuku akale pa boma nakonso kumapezeka zinthu. Akhale ndi kope limodzi lolembamo mawu atsopano, asanu okha pa tsiku, ndi chiganizo chimene wawapezamo. Ndi anzake amene amabwerekana nawowo apange kagulu, aliyense akamaliza buku azifotokozera anzake m'Chingerezi kwa mphindi zochepa.

Funso lachiwiri likuchokera kwa mnyamata wa Fomu 4 wa ku Santhe. Akuti amalemba ndakatulo ndi nkhani zazifupi, akufuna kudzakhala mlembi wa mabuku, ndiye akufunsa kuti aphunzire chiyani ndipo kodi munthu angadye nazo.

Mwana wanga, ndikuyankha mosabisa chifukwa ndikufuna upitirize kulemba. M'dziko muno ndi anthu ochepa kwambiri amene amadyera mabuku okha. Ogula ndi ochepa, kusindikiza n'kodula, ndipo buku likangotchuka ena amalijambula pamakina n'kumagulitsa mlembi osapezapo kanthu. Buku limene limayenda kwambiri ndi limene lasankhidwa kuti liphunzitsidwe m'sukulu. Taona alembi amene ndawatchula pamwambapa ndi anzawo. Nthara anali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma. Zingani anali mtolankhani. Malunga anagwira ntchito zaka zambiri monga mmodzi wa akuluakulu oyendetsa University of Malawi (Registrar), komabe analemba ndakatulo zake ndi kumasulira Things Fall Apart la Chinua Achebe kukhala Chipasupasu. Jack Mapanje, mwini Of Chameleons and Gods la mu 1981, ankaphunzitsa ku Chancellor College pamene anamangidwa mu 1987 n'kukhala kundende ya Mikuyu mpaka 1991 osazengedwa mlandu. Steve Chimombo naye anali mphunzitsi wa pa koleji yomweyo. Stanley Onjezani Kenani, amene nkhani zake zinafika kawiri pa mndandanda womaliza wa mphotho ya Caine ya alembi a nkhani zazifupi a mu Africa, mu 2008 ndi 2012, anaphunzira zowerengera ndalama. Onsewa anali ndi ntchito yowadyetsa, ndipo ntchitoyo sinawaletse kulemba. Kwa ena ndi imene inawapatsa zolemba.

Choncho posankha maphunziro usafunefune kosi yotchedwa kulemba mabuku. Ngati mtima wako uli pa ziyankhulo, University of Malawi ku Zomba ili ndi maphunziro a Chingerezi, a ziyankhulo za mu Africa ndi a uphunzitsi. Utolankhani umaphunzitsidwa kuyunivesite ya MUBAS ku Blantyre komanso ku Malawi Institute of Journalism. Mzuzu University ili ndi maphunziro a kayendetsedwe ka malaibulale. Koleji ya aphunzitsi a pulaimale ili pa Kasungu pomwepo. Ntchito zozungulira mabuku zilipo zambiri zimene ana sazidziwa: ukonzi m'makampani osindikiza, kulemba mabuku a sukulu, kulemba masewero a pa wailesi, ndiponso kumasulira. Mabungwe a zaumoyo, a zaulimi ndi a mipingo amafuna nthawi zonse munthu wotha kusandutsa chikalata cha Chingerezi kukhala Chichewa chomveka kwa mlimi, ndipo odziwa bwino ntchitoyi ndi ochepa. Koma ngati umakhoza masamu kapena sayansi, usazitaye chifukwa cha ndakatulo. Dziko lino likusowa kwambiri anthu odziwa za nthaka, za matenda kapena za magetsi amene angathenso kuzilemba momveka m'chiyankhulo chathu. Zofunika pa kosi iliyonse uzione m'chikalata chimene bungwe la NCHE, loyang'anira maphunziro a m'mayunivesite ndi m'makoleji, limatulutsa nthawi yofunsira malo ikakwana, chifukwa zimasintha.

Chaka chino ntchito yako yaikulu ndi MSCE. Ndakatulo uzilemba m'kope lapadera, uzilemba deti, usazitaye ngakhale zikuoneka zosakoma. Ukamaliza mayeso, sankha nkhani imodzi, uilembenso kawiri kapena katatu, upatse mphunzitsi amene sakunyengerera kuti aichonge, kenako utumize ku nyuzipepala za kumapeto kwa sabata, zimene zimasindikiza nkhani zazifupi ndi ndakatulo, ndipo zili ndi masamba a Chichewa monga Tamvani ndi Tikambe. Ufufuzenso za bungwe la alembi la Malawi Writers Union ndi mipikisano imene imalengezedwa, ndiponso za COSOMA, bungwe loteteza umwini wa zolemba ndi zoimba. Wina akadzakuuza kuti umulipire ndalama zambiri kuti akusindikizire buku lako loyamba, usavomere msanga. Uyambe wamufunsa kuti mkonzi wake ndani, mabukuwo adzagulitsidwa kuti, ndipo pa buku lililonse logulidwa iwe udzalandira zingati, zonsezo zilembedwe papepala usanapereke kanthu.