Vuto ndi lakummero, nanga afunsiranji za tulo?

Funso: Bambo anga a zaka 67 adadwala sitiroko ndipo amatsamwa akamamwa madzi. Kuchipatala adawafunsa ngati amagona bwino komanso ngati amapitabe kumaliro ndi kuukwati. Zimenezi zikukhudzana bwanji ndi kummero? Ndine mayi wa ku Area 25, Lilongwe.

Yankho: Mayi, afunsa bwino. Kuunika kummero kumangoonetsa komwe chakudya chikulowera. Sikuonetsa kuti bambo amatha ola lathunthu ali pa mbale imodzi ya phala mpaka kuzizira, kapena kuti adasiya kudyera pamodzi ndi adzukulu poopa kukhosomola pagulu. Zotere amazidziwa ndi mwiniwake, n'chifukwa chake amafunsidwa.

Mafunso otere amakhala pa pepala loti wodwala ayankhe. Pepala lodziwika kwambiri ndi SWAL-QOL, lomwe lidatuluka ku America mu 2002. Lili ndi mafunso 44 okhudza chilakolako cha chakudya, nthawi yomwe munthu amatha akudya, mantha, kulankhula, kucheza ndi anthu, kutopa ndi tulo. Gawo lililonse limawerengedwa kuyambira 0 mpaka 100, ndipo nambala ikakwera ndiye kuti zinthu zili bwino. Lina lalifupi ndi EAT-10: mafunso 10, lililonse 0 mpaka 4. Pa limeneli kukwera n'kuipa, ndipo zonse pamodzi zikafika 3 wodwala ayenera kukaunikidwa. Musasokoneze awiriwa.

Chomwe chimaononga zotsatira kawirikawiri ndi gadiyani kuyankhira wodwala. Inu mumaona kutsamwa, koma manyazi a bambo simungawayeze. Awerengereni funso limodzilimodzi, m'Chichewa chosawatsogolera ku yankho, ndipo ngati sitiroko idawamanga lilime, aloze nambala ndi chala. Mukabwereza pakatha mwezi, gwiritsani pepala lomwelo kuti muyerekeze.

Mayankhowa amasintha chithandizo. Madzi okhuthalitsidwa amachepetsa kutsamwa, koma ena amanyansidwa nawo n'kumamwa pang'ono mpaka thupi kuuma, ndipo zimenezi zimatulukira akafunsidwa.

Chenjerani pa ichi: ena odwala sitiroko chakudya chimawalowera m'mapapo osakhosomola n'komwe, ndipo pepala silingagwire zimenezi. Mawu akamamveka ngati muli madzi pakhosi akangomeza, thupi likamatentha kapena sikelo ikamatsika, pitani nawo kuchipatala msanga, chifukwa chibayo chimayamba motero. Podya akhale tsonga, ndipo asagone mpaka patatha mphindi 30.